Buledi wogona amene amalamulira phwando la nkhukundembo

Ku America ndi ku Britain, nkhukundembo yootcha ndiyo imajambulidwa zithunzi pa tsiku la chikondwerero. Koma chimene mabanja amakanganirana, kusungirana chinsinsi ndi kupatsirana ngati chuma cha makolo ndi chosakaniza cha buledi chimene chimaikidwa m'mimba mwa mbalameyo.

Ukalowa m'khitchini ya banja la ku America tsiku loti mawa ndi Thanksgiving, chimene chimayamba kukulandira ndi buledi. Wadulidwa tizidutswa ting'onoting'ono, wayanikidwa m'mathireyi pa tebulo, pamwamba pa furiji, paliponse pamene mphaka sangafike. Mlendo angaganize kuti eni nyumba aiwala kutaya zotsala. Koma mwana akangotambasula dzanja kuti atoleko kamodzi amabwezedwa msanga, chifukwa buledi ameneyu ali ndi ntchito yaikulu mawa.

Ntchito yakeyo ndi stuffing: buledi wouma wosakaniza ndi anyezi wokazinga m'batala, masamba onunkhira, msuzi ndi mazira, amene amaphikidwa m'mimba mwa nkhukundembo kapena payekha m'mbale ya mu uvuni. Anthu a ku America amadya zimenezi pa Thanksgiving, chikondwerero chothokoza chimene chimachitika pa Lachinayi la nambala 4 m'mwezi wa Novembala. A ku Canada amachita chawo pa Lolemba lachiwiri la Okutobala, pamene a ku Britain ndi Ireland amadikira Khrisimasi.

Bungwe la alimi a mbalamezi la National Turkey Federation lakhala likuyerekeza kuti nkhukundembo pafupifupi 46 miliyoni zimadyedwa ku America pa tsiku limodzi lokhalo. Zambiri mwa izo n'za mtundu umodzi wotchedwa Broad Breasted White, zoweteredwa m'makola akuluakulu a ku Minnesota, North Carolina ndi Arkansas, ndipo zimagulidwa m'sitolo zili gwa ndi chisanu. Ya kwanu ndi ya kwa aneba sizisiyana kwenikweni. Chimene chimasiyanitsa nyumba ndi nyumba ndi stuffing. Ukalawa supuni imodzi ungathe kudziwa dera limene banjalo linachokera, mbewu imene makolo awo ankalima, ngakhale dziko limene agogo awo anakwerera sitima ya pamadzi.

Luso lakale kuposa chikondwererocho

Kudzaza m'mimba mwa nyama musanaiotche kunayamba kalekale. Buku la zophika la Aroma lodziwika ndi dzina la Apicius, limene linasonkhanitsidwa zaka zoposa 1,500 zapitazo, lili ndi njira zodzazira nkhuku, kalulu, mwana wa nkhumba ndi kanyama kena kofanana ndi mbewa. Zifukwa zake n'zosavuta kuziona. Nyama ikachotsedwa matumbo pamatsala mphako, ndipo madzi okoma ndi mafuta amene amatuluka pootcha amangogwera pamoto. Wophika wanzeru amaikamo chinthu choti chimwe madziwo, ndipo potero mbalame imodzi imakwanira pakamwa pambiri.

Nkhukundembo yokha kwawo n'ku America. Anthu a ku Mexico anali ataiweta kwa zaka mazanamazana pamene Asipanishi anafika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1500 n'kuitengera ku Ulaya. Sipanapite nthawi inafika ku England, ndipo mu 1550 munthu wina wa ku Yorkshire, William Strickland, analoledwa kuika chithunzi cha mbalameyi pa chizindikiro cha banja lake. Angerezi anali kale ndi chizolowezi chodzaza atsekwe, nkhuku ndi nkhumba ndi nyenyeswa za buledi, mafuta ndi masamba onunkhira, choncho mbalame yachilendoyi inangolandira mwambo umene inaupeza.

Anthu ambiri amaganiza kuti zonsezi zinayambira pa phwando la mu 1621 ku Plymouth, pamene Angerezi obwera anadyera pamodzi ndi a mtundu wa Wampanoag. Koma kalata ya Edward Winslow, amene analipo, imangotchula mbalame zimene amuna anayi anakasaka ndi agwape asanu amene anthu a mfumu Massasoit anabweretsa. Umboni weniweni wa stuffing wa nkhukundembo ukupezeka m'buku la Amelia Simmons lotchedwa American Cookery, losindikizidwa ku Hartford mu 1796. Iye analangiza kupala lofu ya buledi wa tirigu, kuthiramo batala, nyama ya nkhumba yamchere yoduladula, mazira awiri, masamba onunkhira monga sage ndi parsley, tsabola ndi mchere, kenako kudzaza mbalameyo n'kuisoka. Wophika wa lero atawerenga malangizowo sangaone chachilendo chilichonse.

Amene anamangiriza mbale imeneyi ku tsiku la dziko lonse ndi Sarah Josepha Hale, mkonzi wa magazini ya amayi ya Godey's Lady's Book. M'buku lake la nthano la Northwood la mu 1827 anafotokoza tebulo la Thanksgiving lokhala ndi nkhukundembo yootcha yodzazidwa bwino, ndipo kwa zaka zambiri analembera makalata akuluakulu a boma kupempha kuti tsikuli likhale la onse. Pa 3 Okutobala 1863, nkhondo yapachiweniweni ili mkati, Pulezidenti Abraham Lincoln anavomera. Mu 1941 nyumba ya malamulo inakhazikitsa tsiku limene likutsatidwa mpaka pano.

Ku Britain nkhukundembo inakhala ya olemera kwa nthawi yaitali. M'nthano ya Charles Dickens ya A Christmas Carol ya mu 1843, banja losauka la Cratchit likudya tsekwe wodzazidwa ndi sage ndi anyezi, ndipo nkhukundembo ikubwera ngati mphatso yodabwitsa yochokera kwa bwana amene wasintha mtima. Mtengo wake unadzatsika nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, pamene alimi monga Bernard Matthews wa ku Norfolk, amene anayamba mu 1950, anayamba kuziweta mochuluka. Mbalame inasintha, koma sage ndi anyezi zinatsalira.

Amalonda nawo sanagone. Mu 1901 John Crampton, wogulitsa nyama wa ku Eccles pafupi ndi Manchester, anayamba kupanga stuffing wouma wa m'paketi wotchedwa Paxo. Ku America kampani ya General Foods inatulutsa Stove Top mu 1972, ntchito imene anaitsogolera katswiri wa zakudya Ruth Siems. Chinsinsi chake chinali kukula kwa nyenyeswa: zikachepetsetsa zimasanduka phala, zikakulitsa zimatsala zolimba. Mapaketiwa amagulidwabe kwambiri, ndipo pali ana amene anakulira kukoma kwake moti safuna china. Komabe m'mabanja ambiri, kubwera ndi wa m'paketi pa tsiku lalikulu kumakhala nkhani yonong'onezana kukhitchini.

Dera lililonse ndi mbewu yake

Ku New England, kumene Angerezi anayamba kukhazikika, maziko ndi buledi woyera, sage ndi celery, ndipo ambiri amathirako zonunkhira za Bell's Seasoning zimene zinayamba kugulitsidwa ku Massachusetts mu 1867. M'mbali mwa nyanja, kuyambira kumeneko mpaka ku Louisiana, amaikamo nkhono za m'nyanja zotchedwa oyster, zimene m'zaka za m'ma 1800 zinali zotchipa moti ankadya ndi aganyu omwe. Ku Pennsylvania, zidzukulu za Ajeremani zimasakaniza buledi ndi mbatatesi yopondaponda. Ku Minnesota amagwiritsa ntchito mpunga wakuda wa m'madambo umene anthu a mtundu wa Ojibwe akhala akukolola ali m'mabwato kuyambira kale. Ku San Francisco amatenga buledi wawo wowawasa. Mabanja ochokera ku China amadzaza mbalameyo ndi mpunga womata, soseji yotsekemera ndi bowa, pamene a ku Puerto Rico amaikamo nthochi zaziwisi zokazinga n'kusinja ndi adyo.

Kum'mwera kwa America, ku Georgia, Alabama, Mississippi ndi madera oyandikana nawo, tirigu sankachita bwino kwenikweni ndipo chakudya cha tsiku ndi tsiku chinali chimanga. Kumeneko amayamba aphika buledi wa ufa wa chimanga ndi mkaka wosasa m'chiwaya chachitsulo, n'kumusiya agone, kenako n'kumufumbutula. Amamutcha dressing, ndipo kawirikawiri amamuphika m'mbale yakeyake, ali wofewa kwambiri kuposa wa kumpoto. Wolemba mbiri ya zakudya Michael Twitty amalumikiza mbale imeneyi ndi kush, chakudya chimene akapolo ochokera kumadzulo kwa Africa ankaphika pokazinga zotsala za buledi wa chimanga ndi anyezi, tsabola ndi mafuta. Amayi ndi abambo amenewa ndiwo ankaphikanso m'nyumba za eni minda, ndipo luso lawo linakwera kuchoka kumisasa kufika pa tebulo la chikondwerero.

Mbiri yonseyi ikusonyeza chinthu chimodzi. Mbale imene lero imalemekezedwa kuposa zonse pa tebulo inachokera ku kusataya chakudya. Aliyense anatenga chimene chinali chotsala m'nyumba mwake, kaya ndi tirigu, chimanga, mpunga kapena mbatatesi, n'kuchipatsa msuzi wa mbalame.

Zonse zimayambira pa kuumitsa

Tiyeni tsopano tilowe m'khitchini. Kuti mudyetse anthu 8, mufunika buledi wolemera magalamu 500, batala magalamu 115, anyezi awiri akuluakulu, mapesi atatu a celery, mazira awiri, msuzi pakati pa mamililita 500 ndi 600, sage, thyme, parsley, mchere ndi tsabola wakuda. Mndandandawu ndi waufupi, ndipo n'chifukwa chake chilichonse chikalakwika chimaonekera.

Buledi woyenera ndi woyera wa thupi lolimbirako, wa timabowo ting'onoting'ono. Wofewa kwambiri, uja ukamufinya amasanduka kampira, amasungunuka akakumana ndi msuzi. Wa mabowo akuluakulu sasunga madzi. Muduleni tizidutswa ta masentimita awiri mbali zonse, kapena mung'ambeni ndi manja kuti akhale ndi nsonga zambiri zimene zidzapsa bwino pamwamba. Makoko ake musataye, ndiwo amapereka pogwira mano.

Pano pali mfundo imene ophika ambiri saidziwa. Buledi wogona ndi buledi wouma n'zosiyana. Buledi akagona masiku awiri amalimba chifukwa sitachi wa mu ufa amabwerera n'kugwirana, koma madzi ambiri amakhala akadali momwemo. Akakhala ndi madzi akeake, malo olandirira msuzi amachepa, ndipo akatenthedwanso amafewa n'kukhala phala. Buledi woumitsidwa mu uvuni amataya madziwo, timabowo take timatsala opanda kanthu, ndipo msuzi ukabwera amaumwa osataya maonekedwe ake. Choncho ngakhale mwamuyanika usiku wonse, muikenibe mu uvuni wa moto wochepa, madigiri 120 mpaka 135, kwa mphindi 45 kapena ola limodzi, mukumutembenuza apo ndi apo. Wauma pamene kachidutswa kakuthyoka m'malo mopindika, koma kasanafiire. Kuona maso a nkhono n'kudekha: amene amakweza moto kuti athane nazo msanga amapsereza kunja, m'kati muli mwauwisi.

Msuzi, batala ndi masamba

Nkhukundembo ya m'sitolo imabwera ndi kathumba m'mimba mwake, momwe muli khosi, nthutumba, mtima ndi chiwindi. Chaka ndi chaka pamapezeka ophika atsopano amene amaotcha mbalame yonse kathumbako kali momwemo, ndipo akatswiri amene kampani ya Butterball yakhala ikuwaika pa foni kuyambira mu 1981 kuti aziyankha mafunso a ophika amalidziwa bwino vutoli. Kathumbako ndiko msuzi wanu. Ikani khosi, nthutumba, mtima ndi nsonga za mapiko m'poto wa madzi malita awiri pamodzi ndi anyezi, karoti ndi celery, ziwire pang'onopang'ono kwa maola awiri, kenako sefani. Chiwindi chisalowe m'potomo chifukwa chimawawitsa msuzi. Amene amachikonda amachikazinga pachokha n'kuchidula bwinobwino kuti achithire kumapeto. Msuzi wa timakyubu ta m'sitolo ungathandize pakavuta, koma uli ndi mchere wambiri, ndiye dzanja lichepe pothira wina.

Sungunulani batala yense m'chiwaya chachikulu. Angaoneke wochuluka, koma buledi alibe mafuta ndipo chidali cha nkhukundembo nacho n'chouma. Thiranimo anyezi ndi celery zodula tating'ono, ndi mchere pang'ono, zifewe pa moto wapakati kwa mphindi 10 kapena 15 mpaka anyezi awale osapsa. Ngati mukufuna soseji, ichotseni m'chikopa chake, muikazinge poyamba mpaka ifiire, ndipo masambawo muwakazingire m'mafuta akewo. Ku Britain ena amaika nyama ya soseji yochuluka kuposa buledi, moti stuffing wawo amatha kudulidwa ndi mpeni kapena kuumbidwa timipira. Ena amathiramo mtedza wa mumtengo wotchedwa chestnut, monga amachitiranso ku France, ena maapulo owawasa.

Sage ndiye mwini fungo. Ndi tsamba lotuwa, laubweya, la fungo lamphamvu ndi kakuwawa pang'ono, ndipo limagwirizana ndi mafuta. Fungo lake limasungunuka m'mafuta mosavuta kuposa m'madzi, n'chifukwa chake liyenera kulowa m'chiwaya muli batala wotentha, mphindi imodzi musanaphule. Masupuni awiri aakulu a sage wauwisi wodula ndi supuni imodzi ya thyme zakwana. Ngati muli ndi wouma yekha, tengani gawo limodzi mwa magawo atatu a muyezowo, chifukwa akachuluka chakudya chonse chimamveka ngati mankhwala. Parsley amalowa kumapeto, osaphika, kuti asataye kubiriwira.

Tsopano khuthulirani za m'chiwaya pa buledi uja m'beseni lalikulu. Thirani theka la msuzi wofunda, tembenuzani ndi manja mofatsa, ndipo dikirani mphindi zisanu kuti buledi amwe. Lawani nthawi imeneyi, mazira asanalowe, ndipo konzani mchere ndi tsabola. Kenako menyani mazira pamodzi ndi msuzi wotsalawo utazizira, muzithira pang'onopang'ono. Muyezo weniweni uli m'dzanja lanu: kachidutswa mukakafinya kakhale konyowa mpaka m'kati koma kosadontha, ndipo pansi pa beseni pasakhale chithaphwi. Msuzi ukatsalako palibe mlandu. Buledi aliyense amamwa mosiyana. Mazira ntchito yawo n'kumanga zidutswazo kuti zigwirane zikapsa. Mukatakasa mwamphamvu ngati mukufuna kuti zisalale, mwapha ntchito yonse ya kuumitsa ija.

M'mimba kapena m'mbale?

Apa ndi pamene pamagona mkangano waukulu. Achikulire ambiri amati stuffing wosalowa m'mbalame ndi buledi wamba. Ali ndi mfundo, pakuti amene waphikidwa m'mimba amamwa madzi a nyama kwa maola ambiri ndipo kukoma kwake kulibe chofanana nako. Koma walira mvula walira matope. Madzi amene buledi akumwawo amayamba ali a nyama yaiwisi, ndipo nyama ya mbalame zoweta imatha kukhala ndi tizilombo ta Salmonella ndi Campylobacter. Kutentha kumalowa kuchokera kunja, ndiye pakati penipeni pa mimba ndi pomalizira kupsa.

Unduna wa zaulimi wa ku America umati pakati pa stuffing payenera kufika madigiri 74, chimodzimodzi ndi nyama yake. Vuto n'lakuti pamene pakatipo pakufika pamenepo, chidali chimene chili kunja chimakhala chitapitirira kale n'kuuma. Ntchafu zimapirira chifukwa zili ndi mafuta ndi mitsempha yambiri, koma chidali sichipirira. Wophika amatsala ndi zosankha ziwiri zoipa: kuphula msanga n'kuika alendo pachiswe, kapena kudikira n'kuwapatsa nyama yokakamira kukhosi. N'chifukwa chake undunawo, pamodzi ndi bungwe loona za chakudya la ku Britain la Food Standards Agency, amalangiza kuphika stuffing m'mbale yapadera.

Amene sangalole kusiya mwambo ali ndi malamulo oti asunge. Zouma ndi zonyowa zisakanizidwe nthawi yomweyo yoika mu uvuni, osati usiku wake. Nyama, soseji kapena nkhono zikhale zophikidwa kale. Mbalame ikhale itasungunukiratu, ndipo m'furiji zimenezi zimatenga tsiku lathunthu pa makilogalamu awiri alionse. Dzazani mosapanikiza, pafupifupi kapu imodzi ndi theka pa kilogalamu iliyonse ya mbalame, chifukwa buledi amafufuma ndipo wothinana salola kutentha kudutsa. Uvuni usatsike pansi pa madigiri 163. Mbalame ya makilogalamu 6 yodzaza imatenga maola atatu ndi theka mpaka anayi, koma wotchi si mboni yokwanira. Bayani choyezera kutentha pakati pa stuffing, m'ntchafu ndi pa chidali. Mukaphula, isiyeni ipume mphindi 20, kenako chotsani zonse za m'mimba. Ophika ambiri a ku Britain amadutsa pakati: amadzaza kachikopa ka kukhosi kokha, kumene kutentha kumafika msanga, ndipo m'mimba amangoikamo anyezi ndi ndimu.

Kuphika m'mbale kuli ndi mphotho yake. Pakani batala m'mbale yotakata, yalani chosakanizacho osachitsendereza, vundikirani ndi pepala la aluminiyamu, ndipo muike mu uvuni wa madigiri 180 kwa mphindi 30 kapena 40. Nthunzi imaphika m'kati n'kumanga mazira. Kenako vundukulani, kwezani moto pang'ono, mupatse mphindi zina 20 kuti pamwamba pafiire. Nsonga zopsa bwino zimene zimatuluka pamenepo zimalimbiranidwa ngati nkhoko za mpunga pansi pa poto, ndipo m'mimba mwa mbalame sizingapezeke. Kuti kukoma kwa nyama kusasowe, tungani masupuni angapo a mafuta ndi madzi a pansi pa thireyi ya nkhukundembo itapsa, muwazire pamwamba mukangovundukula. Nthawi yake imagwirizananso bwino: mbalame ikatuluka kukapuma, uvuni umakhala wopanda kanthu ndipo mbale ya stuffing imalowa.

Ntchito yonseyi siyenera kugwera tsiku limodzi. Buledi angaumitsidwe masiku awiri kapena atatu chikondwerero chisanafike n'kusungidwa m'chitini chotseka bwino. Msuzi ndi masamba okazinga zingakonzedwe dzulo lake n'kugona m'furiji. Pa tsikulo pamangotsala kusakaniza ndi kuphika.

Zotsala nazo zili ndi lamulo lake. Zilowe m'furiji pasanathe maola awiri chiphulireni, zidyedwe m'masiku atatu kapena anayi, ndipo potenthetsanso zifike pa madigiri 74 omwe aja. Ku Britain, tsiku lotsatira Khrisimasi, anthu amaika stuffing wozizira ndi nyama pakati pa buledi. Ku America ena amamukazinga m'chiwaya m'mawa n'kuswerapo dzira.

Akalowa m'manja mwathu

Kwathu kuno Khrisimasi ndi mpunga ndi nkhuku, ndipo nkhukundembo, ngakhale ena amaziweta, si ya pa tebulo la aliyense. Koma Amalawi amene akukhala ku South Bend m'chigawo cha Indiana, ku Manchester kapena ku Dublin amakumana nayo chaka chilichonse. Ana obadwira kumeneko amaiyembekezera, anzawo a kuntchito ndi a kutchalitchi amaitanirana, ndipo tsiku lina munthu amauzidwa kuti chaka chino stuffing abwere naye ndi iyeyo.

Munthu wotere asadzione ngati mlendo pa ntchitoyi. Buledi wa chimanga wa ku Alabama ndi m'bale wake wa chikondamoyo: mgaiwa, chambiko, soda, dzira ndi mafuta pang'ono. Chofunika n'kuchotsa shuga ndi nthochi, kuchiphika dzulo lake, kuchifumbutula n'kuchiumitsa. Chifukwa ufa wa chimanga sugwirana ngati wa tirigu, ndi bwino kusakaniza magawo awiri a chikondamoyo ndi gawo limodzi la buledi woyera, kuonjezera dzira lachitatu ndi msuzi wochulukirapo. Amene sadya nkhumba angaike soseji ya ng'ombe, kapena bowa wokazinga mpaka madzi ake athe, ndipo mu Disembala kwathu bowa amakhala ali pamsika. Celery akasowa, tsabola wobiriwira wosawawa amagwira ntchito. Mtedza wokazinga wosinja mwakhahakhaha ungalowe m'malo mwa chestnut, ndipo kambuzi mmodzi wodula bwino amadzutsa mbale yonse. Ngakhale uvuni si wokakamiza. Poto wokhuthala wa chivundikiro chachitsulo, makala ochepa pansi ndi ochulukirapo pamwamba, monga amayi amaphikira chigumu, amatulutsa stuffing wofiira bwino.

Kusintha koteroko si kuononga mwambo wa eni ake, pakuti mwambowo unamangidwa ndi anthu amene ankachita zomwezo: Mjeremani ndi mbatatesi yake, kapolo ndi chimanga chake, Mtchaina ndi mpunga wake. Zimene sizisinthika n'zitatu zokha. Maziko akhale ouma, msuzi ulowe moyeza ndi dzanja, ndipo pakati pafike madigiri 74.

Chenjezo lomaliza n'lakuti musayambire kuphunzira pa tsiku limene nyumba yadzaza alendo. Sankhani Lamulungu wamba, mugule nkhuku ya kilogalamu imodzi ndi theka, mukonze theka la muyezo uja, makapu awiri alowe m'nkhukumo ndipo otsalawo apite m'mbale. Mudzalawa njira zonse ziwiri pa tebulo limodzi n'kudziwa mbali imene muli pa mkangano uja. Mchere ukapitirira kapena sage akachuluka, mudzakhala mutalakwira anthu a m'nyumba mwanu okha, ndipo amenewo adzakuuzani zoona mosapsatira.